Magazi a Semu, Dzanja la Cipriano

Ku Mualadzi kuli anthu odwala nthenda zamitundumitundu, koma palibe amene ananyadirapo nthenda yake ngati Cipriano. Ena amabisa chifuwa, ena amabisa mwendo wotupa. Iye ayi. Yake ankayenda nayo poyera ngati malaya atsopano, ndipo aliyense wofunsa, ngakhale wosafunsa, ankauzidwa dzina lake: magazi a Semu.

Semu anali bambo ake. Amene anakulira ku Nsadzo akumukumbukira mpaka lero, munthu wamtali, wa mtima wapachala. Akuti lero ankamenya munthu chifukwa chomuyang'ana, mawa n'kumenya wina chifukwa chosamuyang'ana. Cipriano anabadwa mu 1984, ndipo asanakwanitse zaka zinayi nkhondo inawathamangitsira ku Zambia. Kumsasa wa othawa nkhondo anthu ankaima pamzere wa ufa ndi nyemba mwaulemu, kupatula Semu, poti mzere unkayambira pamene iye waima. Anabwerera kwawo mu 1994, ndipo patapita zaka zisanu ndi zinayi Semu anamwalira ali gone pamphasa, ndi malungo wamba. Zimenezi zinakhumudwitsa anthu ambiri amene ankayembekezera imfa ina yomuyenera.

Ana ena bambo akamwalira amasiyiridwa njinga, ena wailesi. Cipriano anasiyiridwa chowiringula. Ndipo kunena zoona chinali chuma chokhalitsa kuposa njinga, chifukwa sichinkafuna kupopa kapena kumata. Akaswa mbale, magazi. Akatukwana munthu pamaliro, magazi. Ankatambasula manja onse awiri, kupendeketsa mutu ngati wamasiye, n'kunena kuti, “Ndichite bwanji? Ndi magazi a Semu.”

Koma magaziwo, abale anga, anali ophunzira. Ankadziwa kuyeza munthu. Tsiku lina ku Cassacatiza, pamalire, munthu wina woyendetsa kamyawu, lole ya katundu, wa khosi ngati mtondo anamutukwana Cipriano pamaso pa anthu, kutukwana kofika mpaka kwa amake, chifukwa ngolo yake inatseka njira. Anthu anasiya malonda, amvekere lero tiona Semu atauka kumanda. Magazi aja phee, ngati madzi a mumtsuko. Cipriano anavula chipewa, nati, “Pepani, patarawu, bwana wanga,” n'kusuntha ngolo. Asilikali akamufunsa mapepala, magaziwo ankachita kugwada. Ankadzuka pokhapokha akafika pakhomo, pamene pali mkazi wochepa thupi, ana awiri ndi mbale zosabwezera.

Tsono nachi chodabwitsa. Munthu yemweyu ntchito yake inali yophunzitsa ng'ombe kukoka ngolo ndi khasu, ndipo kuchokera ku Nsadzo kufika ku Mualadzi panalibe womuposa. Ena ankaphunzitsa ndi chikoti. Cipriano analibe chikoti, ndipo sanakhalepo nacho. M'thumba la buluku lake munkakhala mchere. Sabata yoyamba ankangoyenda ndi ng'ombe pachingwe, kuinyambititsa mchere m'manja, kuikanda kuseri kwa khutu. Sabata yachiwiri ankaika goli pakhosi popanda katundu aliyense. Kenako ankaimanga pamodzi ndi ng'ombe yakale yodziwa ntchito, n'kuzikoketsa chipika chopepuka kuzungulira khola. Ikakana kuyenda, iye ankakhala pansi n'kumaidikira, ngakhale dzuwa lichoke pamutu kufika kumapiri. “Ng'ombe yomenyedwa imalima mokhota,” ankatero, akuyang'ana eni ng'ombe ngati m'busa wa mpingo.

Mbiri yake yaikulu inali Padiri. Kunali nkhunzi ina yotchedwa Bazuka, imene inagunda anthu awiri, wina mpaka kuthyoka nthiti, ndipo mwini wake atatopa anaipha. Inasiya thole lamphongo limene aliyense ankaliopa. Linali ndi maso ofiira a bambo ake, ndipo linkapalasa pansi lisanamere ndi nyanga zomwe. Anthu ankati mpeni basi, mwana wa njoka ndi njoka. Cipriano analitenga, analifula, n'kukhala nalo miyezi itatu, iye ndi mchere wake. Linatuluka ng'ombe yofatsa mwakuti ana ankadutsa pansi pa mimba yake, mpaka anthu analipatsa dzina loti Padiri, kutanthauza wansembe. Wina akanena kuti yafatsa chifukwa chofulidwa, Cipriano ankapsa mtima. “Mifule yolusa ndaiona yambiri ine! Mpeni sulera ng'ombe. Amalera ndi munthu.”

Mawu anzeru zedi. Kungoti ankathera pachipata cha khola, sankafika kunyumba.

Kunyumbako kunali Feliciana. Anamukwatira mu 2011, ndipo monga mwa mwambo wathu Cipriano ndiye anasamuka, kukakhala chikamwini kumudzi kwa mkazi, kufupi ndi Mualadzi. Anamanga nyumba pa malo a eni ake, n'kumalima munda wa eni ake. Zake zenizeni zinali ngolo, ng'ombe ziwiri ndi bulangete limene anabwera nalo. Feliciana anali mkazi wosachuluka mawu, wa mpingo wa Ziyoni, wakhama pa dimba la tomato. Anamuberekera ana aakazi awiri, Dulce ndi Sónia. Cipriano ankamukonda, zimenezo tisamunamizire. Akapita ku Cassacatiza sankabwera wopanda chitenje kapena sopo wonunkhira. Ankamukonda monga mmene munthu amakondera mpando wake, wosaganiza kuti tsiku lina mpando ungadzuke n'kuchoka.

Khofi loyamba linagwa chifukwa cha madzi osamba amene anachedwa. Ankhoswe anakhala pansi, nati banja ndi kupirira. Feliciana anapirira. Ulendo wina dzino la Feliciana linatuluka, chifukwa nkhuku inalowa m'nyumba, ngati kuti Feliciana ndiye anaiitana. Ankhoswe anakhalanso pansi, Cipriano anatambasula manja aja, napendeketsa mutu. “Mtundu wathu mumaudziwa. Mukufuna ndikakhetse magazi onse kuti ndithiremo ena?” Mawu oti pepani sanatuluke. Apepese bwanji munthu wodwala? Wina anapepesapo chifukwa chotsokomola?

Chimene chinamulimbitsa kwambiri ndi msonkhano wa alimi umene unachitika pansi pa mtengo wa mkuyu zaka zitatu zapitazo. Kunabwera mlangizi wa ziweto, mnyamata wa mabuku ake, nafotokoza za kusankha nkhunzi. Anati ukali wa chiweto mbali ina umachokera kwa makolo ake. Cipriano atangomva zimenezo anadumpha, kuomba m'manja, n'kuthamangira kunyumba kukauza Feliciana kuti ngakhale a boma avomereza. Mlangiziyo anapitiriza kunena kuti mbali ina yaikulu ndi kaleredwe ndi zimene chiwetocho chakumana nazo. Koma apo n'kuti mwini nkhani ali kale pa dambo, akuimba mluzu. Anatenga theka la chiganizo, poti ndi limene linamukwana.

Zinthu zinasintha Loweruka lina masana, mu Okutobala wa chaka chatha. Cipriano anali pansi pa mtengo wa mango akusema goli. Dulce, wa zaka khumi ndi chimodzi, ankasenda mtedza pakhonde, ndipo mng'ono wake Sónia, wa zaka zisanu, pothamanga anagunda lichero, mtedza wonse mbwee pansi. Dulce anatola mpini wa khasu n'kumumenya nawo pachipumi. Khungu linang'ambika, magazi chuu mpaka m'maso.

Feliciana anatulukira kuchokera kudimba, nataya ndowa. “Dulce! Wachita chiyani mwana iwe?”

Dulce anatambasula manja onse awiri, napendeketsa mutu. “Ndichite bwanji, amayi? Ndi magazi a Semu.”

Ndipo Cipriano anaseka. Ee, anaseka! Anamenya bondo lake ndi chikhatho, mtima uli mbee ndi kunyada. “Mwaona? Mdzukulu wa Semu weniweni uyu! Sindinkanama ine.”

Feliciana anamuyang'ana mwamuna wake nthawi yaitali, maso ouma gwa, ngati akuwerenga nthiti za ng'ombe yogulitsa. Kenako anabereka Sónia n'kupita naye kuchipatala kukasoketsa bala. Pobwerera sanalowe m'nyumba. Anapitirira kwa mlongo wake, a Hélio, amene anali nkhoswe yake ndiponso mwini mbumba. Madzulo uthenga unafika wakuti Lachitatu kukhale bwalo la ankhoswe, ndipo Cipriano aitane akwawo.

Apa Cipriano anachita mantha pang'ono, poti mkamwini amadziwa kuti nyumba imene akugonamo mizu yake si yake. Akanena kuti nyamuka, amanyamuka, ndipo ana amatsala kwa eni ake. Koma anadzilimbitsa mtima. Maulendo awiri aja anapulumuka ndi magazi, ndiye ulendo uno anaganiza zobweretsa mboni yoti palibe angaitsutse. Anatuma uthenga ku Nsadzo kuti malume ake, a Ezequiel, nkhoswe yake, abwere pamodzi ndi mayi ake omubereka, a Generosa. Ndani angadziwe magazi a Semu kuposa mkazi amene anakhala naye zaka makumi awiri?

A Generosa anafika atakwezedwa panjinga, akudandaula za msana. Anali nkhalamba yogulitsa nthochi pamsewu, yosalekana ndi kabotolo ka fodya wapamphuno, ndipo dzanja lawo lamanzere linali lokhota pamwamba pa chikhatho. Aliyense ankadziwa kuti linathyoka pamene anagwa pothawa nkhondo.

Lachitatu m'mawa anakhala pansi pa mango uja. Sónia anali pamiyendo pa amake, chipumi chomangidwa nsalu yoyera. Dulce anali atatumizidwa kwa anansi. Cipriano analankhula nthawi yaitali, ndipo analankhula bwino. Anatchula za Semu, za mzere wa ufa, za mlangizi wa boma. Anamaliza ndi manja aja.

A Hélio anamvetsera mpaka kumapeto, akutokosa mano ndi kaudzu. Kenako analoza kukhola. “Alamu, ng'ombe yoyera pamphumi ija ndi mwana wa ndani?”

Ha! Akanakhala wanzeru akanatseka pakamwa. Koma munthu mukamufunsa za chimene amanyadira, amaiwala kuti ali pamlandu. Cipriano anawongola msana. “Padiri? Mwana wa Bazuka ameneyo! Aliyense ankati aphedwe. Ine ndinati ayi, mundipatse miyezi itatu. Lero mwana wakhanda atha kuigwira mchira.”

“Magazi a Bazuka anapita kuti?”

“Alimo, koma ndinawa...” Apa anaima, pakamwa pali yasa. “Imeneyo ndi nkhani ina, alamu. Padiri ndi mfule.”

“Oo, ndi mpeni kani?” anatero a Hélio, osaseka. “Ndiye nenani, alamu, mpeni ulipo, ndinanola dzulo.”

A Ezequiel anatsokomola kubisa phwete. Cipriano thukuta linayamba kutsika m'khosi. Anatembenukira kwa mboni yake. “Amayi, auzeni anthuwa. Auzeni mmene analili abambo. Auzeni kuti ndinatengera.”

A Generosa anatsegula kabotolo kawo, nanunkhiza mphuno iyi ndi iyi, nayetsemula. Sanathamange.

“Mtima unatengera, ee,” anatero. “Unabadwa ukulira ngati wina wakuponda. Zimenezo sindikana. Koma Tabita, mlongo wako, ndinamubereka ndi ndani? Si Semu yemweyo? Mtima wake ndi woposa wako, akakwiya mitsempha imaima m'khosi. Anamenyapo ndani? Amapita kukasinja chimanga mpaka mtima utsike.”

“Amayi, Tabita ndi mkazi...”

“Khala chete, iwe, wandiitana wekha.” Anakweza dzanja lokhota lija kuti onse alione. “Ili mumati ndinagwa pothawa nkhondo. Ndinanama ndine, chifukwa cha manyazi. Sindinagwe. Analithyola Semu, kumsasa ku Zambia, ndi mtengo wotsekera chitseko, chifukwa nyemba zinapserera. Tabita ndinkamuthawitsira kwa anansi. Iwe unkakana, unkafuna kuona. Tsiku limenelo unaima pakhomo, uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi, ukudya mango, maso ali tong'o. Mawa lake ndinakupeza ukumenya galu ndi mtengo womwewo, abambo ako akuseka, akuti mwana wanga weniweni.” Anatsitsa dzanjalo n'kuliphimba ndi chitenje. “Sunayamwe zimenezi, Cipriano. Unaonera.”

Nkhuku inkapalasa pafupi ndi nkhokwe. Cipriano anafuna kutambasula manja, koma anali olemera ngati anyowa.

A Ezequiel anayesa kugwira ntchito yawo. Anati madzi akatayika saoleka, komabe banja ndi kupirira, mwina mwanayu wamva. A Hélio anati mwini nkhani alankhule yekha.

Feliciana analankhula motsitsa, maso ali pa chipumi cha Sónia. “Bambo a Dulce, makofi anu ndinapirira. Dzino langa ndinalikwirira ndekha kuseri kwa nyumba, sindinauze munthu kuti zinandipweteka bwanji. Ndinkati ndi matenda, munthu wodwala samuthamangitsa. Koma Loweruka ndinaona mwana wanga atatambasula manja ngati inu, inu n'kuseka. Ng'ombe ya eni mumaipatsa miyezi itatu. Ine munalephera kundidikira kuti madzi afunde. Dulce ndimulera ndekha, mwina ndikadali ndi nthawi. Inu pitani kwanu.”

“Nanga ana anga?”

“Ana ali kwawo, alamu,” anatero a Hélio. “Mwambo mukuudziwa. Mukafuna kuwaona, njira simwaiwala, mudzafikira kwa ine. Tengani zanu.”

Zakezo sizinachedwe kulongedza. Bulangete, nkhwangwa, goli losatha kusema lija, mabuluku awiri. Munthu wa zaka makumi anayi, zaka khumi ndi zitatu za ukwati, katundu yense osadzaza ngakhale ngodya imodzi ya ngolo. A Ezequiel anatsogola panjinga. A Generosa anati msana wawo sungapirirenso njinga, nakwera pangolo. Pamene ankatuluka m'mudzi, Cipriano anaona Dulce ataima kuseri kwa nkhokwe ya anansi, chala chili m'kamwa. Anamukodola. Mwanayo sanasunthe. Apa chinamugwira chisoni chenicheni, chosakhala cha Semu kapena cha wina aliyense koma chake.

Anayenda mpaka pa kamtsinje kamene kali kumapeto kwa minda ya mudziwo. Pamenepo ndi pamene masiku onse ankamwetsa ng'ombe n'kutembenukira kunyumba. Padiri anamwa madzi, kenako n'kuyamba kukhotera kumbuyo monga mwa chizolowezi chake. Cipriano anakoka chingwe. Padiri anaima nji. Anaikuwira. Ng'ombe inangogwedeza makutu, mutu ukulozabe kumudzi. Dzuwa la Okutobala linali likuwotcha pamsana, ntchentche zili ng'waa kumaso.

Ndiye magazi aja anawira, ndipo ulendo uno anawira zenizeni. Maso anachita mdima, m'makutu munalira. Cipriano anadumpha pangolo, nathyola nthambi yaikulu ya mtengo wa m'mbali mwa njira, nathamangira kutsogolo kwa ng'ombe. Anakweza dzanja mpaka kumwamba. Panalibe wa kamyawu, panalibe msilikali, panalibe womuletsa.

Padiri anatembenuza mutu, natambasula khosi, n'kuyamba kununkhiza thumba la buluku mmene mumakhala mchere.

Dzanja linaima m'mwamba momwemo. Kenako linayamba kutsika pang'onopang'ono, nthambi n'kugwera mumchenga. Cipriano anapisa m'thumba, natulutsa mchere, natambasula chikhatho. Lilime la ng'ombe linali lokhakhala ndi lofunda. Anaikanda kuseri kwa khutu, akupuma ngati wathamanga mtunda wautali.

Pangolo a Generosa anatsegula kabotolo kawo, nanunkhiza, nayetsemula.

“Kani limatsika dzanjalo?” anatero. “Zaka khumi ndi zitatu, mwana wa eni uja osadziwa kuti limatsika.”

Cipriano anatsamiritsa chipumi pakhosi pa ng'ombe, ndipo analira, kulira kwa munthu wamkulu, mapewa akugwedezeka. Anafunafuna woti amunamizire kulirako, koma Semu sanalirepo m'moyo wake wonse. Amake sanamutonthoze. Anangotembenukira kumbali n'kumayang'ana mitengo.

Anakhala pamtsinjepo mpaka mthunzi unasuntha. Padiri atamaliza mchere wonse, Cipriano anagwira chingwe, nayenda patsogolo pake, ndipo anawoloka kulowera ku Nsadzo.